Thanki Ikaoneka, Kiyi Amatsala

A Mita ankadzuka kunja kukali mbuu, mabasi oyamba asanayambe kulira kumsewu waukulu. Choyamba ankakhala m'mphepete mwa bedi n'kupemphera, dzanja lamanja litagwira lamanzere lofookalo. Akatero ankavala masokosi, ntchito imene masiku amenewo inkawadyera nthawi yomwe kale inkawakwanira kumeta ndevu, kusamba ndi kumwa tiyi. Nsapato ya kumanja inkalowa yokha. Ya kumanzere inkafuna kuinyengerera ngati mwana wokana sukulu. Ikalowa, ankatenga ndodo kuseri kwa chitseko n'kupita kukhitchini, kukaima pazenera la pamwamba pa sinki.

Pazenera pamenepo ndi pomwe pankagamulidwa mlandu wa tsiku lonse. Kutsidya kwa madenga, pamwamba pa chitunda, panali thanki yaikulu ya madzi yoima pamiyendo inayi yachitsulo. Thankiyo ikaoneka, mwana wawo wamkazi ankasiya kiyi wa geti pamsomali wa pafupi ndi kalendala, ndipo iwo ankapita kokayenda. Ikabisika m'chifunga, kiyi ankalowa m'chikwama cha mwanayo n'kukwera naye basi ya kuntchito, kubwerako madzulo. Loko wa pageti anali ndi kiyi mmodzi yekhayo.

Mwanayo anali womaliza kubadwa mwa ana awo atatu. Ngakhale anali mayi wa zaka makumi anayi, woyang'anira anzake kufakitale yosoka mayunifolomu, kwa bambo ake anali Mzime basi.

"Ikuoneka, Mzime," ankatero a Mita, mphuno ili pagalasi. "Mwendo umodzi ndikuuona."

"Bambo, imeneyo ndi polo ya magetsi ya kwa aneba."

"Tayang'anitsitsa, mwana iwe."

"Ndayang'ana. Thanki palibe. Tiyi ali m'fulasiki, buledi m'kabati, mankhwala ndaika m'kasosala. Musaiwale aang'ono oyera aja."

Pakapita kanthawi loko ankamveka kunja kuti khe, ndipo a Mita ankakhala pampando wa kukhitchini, nsapato zonse ziwiri zili kuphazi.

Dzina lakuti a Mita analitenga kuntchito. Kwa zaka makumi atatu ndi chimodzi anayenda wapansi khomo ndi khomo kuwerenga mamita a madzi, buku kukhwapa, pensulo kukhutu, kachitsulo kokhota kotsegulira zivundikiro kali m'thumba la kumbuyo. Ankadziwa galu woluma ndi galu wongouwa. Ankadziwa mita imene pansi pake pamagona chule, ndi imene mavu amamangapo chaka ndi chaka. Dera lokwera limene Mzime anadzapezako nyumba analiyenda zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, kuyambira misewu yake ikali ya fumbi.

Deralo ndi la chifunga. M'miyezi yozizira anzawo a ntchito ankakhala pakhonde la sitolo kudikira kuti kuyere, koma a Mita anapeza njira yawoyawo. Kunja kukakhala kowala ankawerenga mapazi kuchoka pa chizindikiro china kufika pa china, n'kulemba kumapeto kwa buku. Kuchoka pakalavati kufika pakona, mapazi 340. Kuchoka pakona kufika pageti loyamba, 62. M'kupita kwa nthawi manambalawo anachoka m'buku n'kukhazikika m'mutu, moti chifunga chikagwa iwo ankangopitiriza ntchito, ngati munthu woyenda m'nyumba mwake magetsi atazima. "Maso amanama," ankatero monyada, "koma phazi langa silinandinamizepo."

Atapuma pantchito anakhala m'nyumba yawo ya zipinda zitatu kutsidya kwa chigwa, imene anamanga ndi akazi awo njerwa imodziimodzi. Akaziwo anawasiya patangotha zaka ziwiri. Anagwa kubafa tsiku limene bambo anali kumaliro a mnzawo, ndipo foni ya Mzime inali yozimitsa monga mwa lamulo la kufakitale. Mzime anawapeza madzulo, thupi litazizira kale. Kuyambira tsiku limenelo Mzime foni saizimitsa, amangoibisa m'thumba la apuloni. A Mita anatsala okha ndi kadimba kuseri ndi mpando wa akazi awo pakhonde, ndipo sankadandaula. Ankaphika okha, kuchapa okha, Lamlungu n'kukakhala pabenchi lawo lachitatu kutchalitchi. Sitiroko inawapeza akuthirira kabichi.

Atatuluka m'chipatala Mzime anawatengera kwake, nyumba yawo n'kuitseka. A Mita anavomera chifukwa cha mawu a dokotala wa mafizo, woongola ziwalo, mayi wamfupi wosazungulira polankhula.

"Pakatha miyezi itatu mubwerenso," anatero dokotalayo. "Mukadzayenda bwino pamaso panga, ndidzauza mwana wanu kuti mutha kubwerera kwanu mukakhale panokha. Koma mwendo uwu ndi waulesi, agogo. Mukaupatsa holide sudzabwereranso kuntchito. Muziyenda tsiku lililonse, mtunda ndithu, pokwera ndi potsika, m'mawa malole asanachuluke. Ndipo poyenda muzinena pakamwa: chidendene, zala. Chidendene, zala. Apo ayi muziukoka ngati thumba."

Anagwirizana njira yake. Kuchoka pageti la Mzime kutsika kufika pakona, kukhota, kutsata m'mbali mwa msewu wa tala kudutsa pakalavati, kukwera mpaka pageti la tchalitchi, n'kubwerera. Sabata yoyamba Mzime anawapeza akutuluka m'chifunga chosaoneka ndi dzanja lomwe, akuti chifunga sichiluma. Lamulo la thanki linabadwa tsiku limenelo.

Vuto n'lakuti chifunga sichidziwa wotchi, ndipo Mwini nyengo sauza munthu zimene wakonza. Mzime ankayang'ana thanki kamodzi kokha, kota tu sikisi, chikwama chili kale paphewa. Masiku ambiri thanki inkabisika nthawi imeneyo, kiyi n'kupita, ndiye 7 koloko isanakwane kunja n'kuyera mbee, kumwamba kopanda ndi kamtambo komwe. Thanki inkaima poyera, miyendo yonse inayi, ngati ikuwaseka. A Mita ankatuluka pabwalo n'kugwira geti. Linali la malata, lalitali kuposa munthu, ndi kabowo kamodzi kolowetsera dzanja kuloko.

Ankayesa kuyenda pabwalopo. Koma bwalo la Mzime linali la simenti yosalala, laling'ono moti mwendo usanatenthe khoma lafika. Ankazungulira chingwe choyanikira zovala mpaka mutu kuchita chizungulire, kenaka n'kukhala pa ndowa yovundikira, kumvetsera mapazi a anthu odutsa kunja.

Cha m'ma 10 koloko pakabowo pankaoneka diso. Anali mkulu wosoka nsapato pakona, amene onse ankangowatchula kuti a Shumeka, mnzawo wa kuyambira masiku a buku ndi pensulo.

"Odi kundende! Akaidi adya?"

"Pitani mukasoke nsapato za eni, inu."

"Lero mwalakwanso chiyani, achimwene? Kunjatu kwawala, ulusi ndikulowetsa m'singano popanda magalasi."

"Thanki inachedwa kudzuka."

"Ehe, zimabwezera zimenezi. Munkatitsekera madzi inu, lero akutsekerani ndinu."

"Ine ndinkangowerenga. Otseka anali ena."

"Onse amatero akagwidwa." Diso linkachoka, pakabowo n'kubwera pakamwa. "Ndibwere ndi sowo? Lokoyu ndi wa mphindi ziwiri."

"Pakhomo pa mwana wanga? Anthu adzati a Mita anathyola geti ngati mbava."

"Adzati anadula chingwe ngati mbuzi. Mbuzi yodula chingwe ndi imene imanenepa."

A Mita ankaseka, koma sowo ankaikana. Mwana amene anawasambitsa ali chigonere, amene ankadzuka kukawatembenuza kuti asachite zilonda, sakanamuchititsa manyazi pamaso pa aneba. A Shumeka ankalowetsa nyuzipepala ya dzana pakabowo n'kubwerera kukona, ndipo tsiku linkatalika. Madzulo a Mita ankayang'ana kalendala, pomwe ankachonga tsiku lililonse limene ayenda. Mwezi woyamba anachonga masiku khumi ndi limodzi. Wachiwiri, asanu ndi anayi. Mwendo ankaumva okha kuti m'mawa ukuuma ngati chikuni.

Anayesapo kukambirana naye mwanayo, akutsuka mbale.

"Mzime, msewu uwu ndinauyenda iwe uli kumsana. Ndikhoza kuuyenda nditatsinzina."

"Nthawi imeneyo malole a mchenga kunalibe, Bambo. Ndiponso miyendo inali iwiri."

Atangonena anadziluma lilime, n'kuwathirira tiyi wina amene sanamupemphe. A Mita anamwa tiyiyo.

Kutatsala masabata atatu kuti abwerere kwa dokotala, Lachinayi lina kunacha bwino. Thanki inaoneka mpaka makwerero ake. Kiyi anatsala pamsomali. A Mita anatseka geti, kiyi n'kuika m'thumba la jekete, n'kutsika msewu akunong'ona chidendene, zala. Pakona anapeza a Shumeka akuyala nsapato pathumba.

"Amasulidwa lero! Mukapereke moni kudziko."

"Ndikubwera pompano. Tiyi wanu asazizire, ndidzamwako."

Anadutsa pakalavati, nakwera mpaka pageti la tchalitchi. Pamenepo anavula chipewa monga ankachitira, kuthokoza, n'kutembenuka. Potsika anamva mphepo yozizira pakhosi. Atacheuka anaona kuti nsanja ya tchalitchi yasowa. Chifunga chinkatsika chitunda mwakachetechete ngati utsi wa nkhuni zaziwisi, ndipo pamene ankafika pakalavati chinali chitawapitirira. Mitengo inasowa, mapolo anasowa, nsonga ya ndodo yawo yomwe inkaoneka mwa apo ndi apo.

Munthu wina akanakhala pakhoma la kalavati n'kudikira. Koma a Mita, kunena zoona, mtima wawo unasangalala. Kwa miyezi iwiri chifungachi chinkawatsekera m'nyumba osakumana nacho maso ndi maso. Lero chinawapeza pamsewu wawo. Anaganiza za madzulo, mmene adzamuuzire Mzime kuti chinagwa ndili pakalavati, ndipo ndinafika pakhomo osaphonya ndi phazi limodzi. Anagunda khoma la kalavati ndi ndodo kuti atsimikize poyambira, nasiya za chidendene ndi zala, nayamba kuwerenga.

Lole inadutsa pafupi, nyali zake zili psuu ngati maso a munthu wodwala, ndipo iwo anaima osataya nambala. Anapitiriza. Pa 300 anayamba kumwetulira. Pa 340 anakhotera kumanzere, monga anachitira kambirimbiri zaka zonse zija.

Pansi panamveka miyala ya kwale m'malo mwa dothi lolimba. Anazindikira, koma anaganiza kuti mwina lole yataya katundu pakona. Nambala inali itakwana, ndipo nambala inali isanawanamizepo. Anaponda kachitatu, kachinayi. Kachisanu ndodo inaponda mphepo.

Anagwera mbali yofooka ija. Munali m'ngalande yakuya kufika m'chiuno, imene amisiri anakumba kuti aikemo paipi pa nyumba ina yosamaliza kumanga. Pansi pake panali matope ozizira. Ndodo inagwera kwina. Anayesa kudzuka, koma dzanja lamanzere linakana, ndipo lamanja linkangokumba dothi lomagumuka. Kumsewu, pafupi pomwepo, ankamva belu la njinga ndi amayi awiri akukambirana za mwana wodwala chifuwa. Anaitana. Koma sitiroko inawasiyira mawu aang'ono, ndipo chifunga chinawameza. Anagona chagada n'kuyamba kupemphera, poyamba mwadongosolo, kenaka mawu amodzimodzi okhaokha.

Sipanathe ndi theka la ola, chifunga chinanyamuka monga chinabwerera, osatsanzika. Dzuwa linawawomba kumaso ali m'ngalandemo.

A Shumeka ndi amene anawapeza. Ataona kuti tiyi wazizira mnzawo osatulukira, anasiya nsapato za eni n'kutsata msewu, mpaka anaona chipewa m'mphepete mwa ngalande.

"Achimwene, mita yake ili pansi pamenepo?"

Koma ataona nkhope ya a Mita nthabwala inathera pakamwa. Anaitana amisiri awiri amene ankangofika kumene, nawatulutsa, nawanyamula mpaka kunyumba. Ndi a Shumeka omwewo amene anaimba foni ija yosazimitsa.

Mzime anafika ndi apuloni yake, tiulusi tili m'tsitsi. Anawagwiragwira paliponse. Fupa silinathyoke, koma ntchafu inali itatupa n'kuda bii. Atawasambitsa ndi kuwasintha zovala anakhala pansi patsogolo pawo.

"Bambo, mumapita kuti?"

"Kunyumba kuno."

"Nanga kwa eni kuja mumakatani? Kona ili kutali ndi pamene munakhotera. A Shumeka akuti munali musanafike ndi pasitolo pomwe."

"Ndinawerenga, Mzime. Zinakwana 340."

"340 chiyani?"

"Mapazi. Kuchoka pakalavati."

Mzime anayang'ana a Shumeka, a Shumeka n'kuyang'ana pansi. Kenaka mwanayo analankhula motsitsa, ndi mawu amene anthu amalankhulira odwala kwambiri. "Msewu umene mwauyenda zaka zonsezi, Bambo, lero mwasochera." Anapisa dzanja m'jekete lamatope lija, natulutsa kiyi, nammangirira kuchingwe cha foni yake. "Amayi ndinawapeza mochedwa. Inu sindikufuna kudzakupezani m'ngalande."

Kuyambira tsiku limenelo thanki inalibenso mawu. Kuche bwino, kuche ndi chifunga, kiyi ankapita kufakitale. Ndipo ngati mwadala, masabata atatu amenewo kunkacha kowala pafupifupi tsiku lililonse.

Koma geti silinali lowawa kwambiri. Chimene chinkawadya a Mita chinali funso la mwana wawo. Iwonso sankamvetsa. Kodi analumpha manambala powerenga? Kodi nambala yake sinali 340? Ngati mutu unataya nambala imeneyo, wataya zinanso zingati zimene iwo sakudziwa? Atakhala pa ndowa ija ankadziyesa mayeso. Ankatchula mayina a adzukulu ndi masiku awo obadwa. Ankatchula mageti a msewu wonse motsatana, ndi agalu ake. Zonse zinkabwera bwinobwino, koma ankakumbukira kuti mkulu wina wa kutchalitchi, amene mutu unamusokonekera, nayenso ankalumbira kuti ali bwino mpaka tsiku limene anapita kumsika atavala pijama. M'pemphero la m'mawa anasiya kupempha kuchira. Ankangopempha kuti Ambuye awaonetse chimene chawonongeka, ngati ndi mutu adziwe, agonje.

A Shumeka ankabwerabe pakabowo, koma za ndende ndi sowo anasiya. Ankangofunsa za ntchafu ndi kuwauza amene wamwalira.

Tsiku la kuchipatala Mzime anapempha tchuthi cha theka la tsiku. Kachipatala ka mafizo kanali m'dera lomwelo, kuseri kwa msika, ndipo a Mita ankakadziwa bwino chifukwa mita yake inali m'buku lawo. Dokotala uja anawapinda mwendo, kuuwongola, n'kugwedeza mutu.

"Mwaupatsa holide, agogo."

"Anagwa," anatero Mzime. "Anasochera m'chifunga."

"Chabwino, tione. Muyambire pachitseko ichi, mutsate khondeli mpaka pampopi uko. Lero musanene za chidendene. Ingoyendani ngati mukupita kutchalitchi."

A Mita anaima pachitseko. Khonde limeneli analiyenda mwezi ndi mwezi, chifukwa mita inali pansi pa mpopi womwewo. Kuchoka pachitseko cha odwala kufika pampopi, mapazi 44. Anayamba kuyenda, ndipo popeza pakamwa panalibe ntchito, manambala anabwera okha. Pa 44 anakweza maso. Mpopi unali ukadali patsogolo, kutali ndithu. Anapitiriza, akuyang'ana phazi lamanzere mmene linkanyamukira n'kutera pafupi, pafupi kwambiri ndi linzake. Anagwira mpopi pa 67.

Anaima pamenepo, misozi ili m'maso. Miyezi yonseyi ankadziwa kuti mwendo ukuchedwa. Sankadziwa kuti wafupikitsanso phazi. Masiku onse owala pakamwa pankakhala chidendene ndi zala, moti sanawerengepo ngakhale kamodzi. Nambala inali yoona, mutu unali bwino. Anayeza msewu wakale ndi phazi latsopano.

"Si mutu!" anafuula ndi timawu tawo tija, akubwerera mofulumira moti ndodo inkatsala m'mbuyo. "Mzime, si mutu! Apa panali 44, lero ndi 67. Ndiye 340 ija sinali 340. Inali 340 ya phazi ili, osati ya phazi lija. Wamva? Ndinakhota msanga chifukwa 44 yasanduka 67!"

Odwala amene anali pabenchi anatembenuka. Mzime anawagwira mkono.

"Bambo, khalani pansi. Anthu akutiyang'ana."

"Adokotala, inu mwamva. Auzeni."

"Ndamva, agogo, phazi limafupikadi," anatero dokotalayo, maso ali pa wotchi ndi pa khadi, pakuti pabenchi panali anthu ena khumi ndi awiri. "Koma ine ndikuona mwendo. Mwayenda mochedwa kuposa ulendo watha, ndipo pobwerera apa mwatsala pang'ono kugwa kawiri. Sindinganene kuti mukakhale panokha. Tionanenso pakatha miyezi ina itatu. Mayi, bambowa akufunika kuyenda, koma pakhale munthu pambali."

"Munthu wake ndani, adokotala? Ine ndimachoka kusanache, Loweruka lomwe ndimagwira." Mzime anatsitsa mawu, koma a Mita anamva. "Ndiye manambala akunenawa, ayamba chigwere muja. Kodi pano alipo dokotala woona za mutu?"

Dokotalayo analemba dzina la chipinda china pakapepala, Mzime n'kukapinda n'kuika m'chikwama.

Miyezi itatu ija inatha, n'kubwera ina. Chifunga cha chaka chimenecho chinapita, kunatentha, mvula inagwa n'kusiya. A Mita akadali kwa Mzime, m'chipinda chakumapeto choyang'anana ndi khoma. Nyumba ya kutsidya kwa chigwa munalowa mdzukulu wawo wina ndi mkazi wake, akuti aziisamalira. Mwendo tsopano umafuna ndodo ziwiri. Mzime amawasamala ndithu, palibe anganene kuti bambowo amagona ndi njala kapena kuvala zakuda. Lamlungu amawatengera kutchalitchi pagalimoto ya mnzake, n'kuwabweza pagalimoto yomweyo. Akayamba kutchula manambala, iye amawasisita phewa n'kunena kuti inde, Bambo, inde.

A Mita anapemphapo kamodzi kokha, tsiku lomwe lija akuchokera kuchipatala. Anali ataima pageti, Mzime akulimbana ndi loko, chikwama chili kukhwapa.

"Mzime, mwana wanga, sindikupempha kiyi," anatero. "Ndikupempha m'mawa umodzi wokha, kunja kukawala. Uyende pambuyo panga ndi pensulo. Kuchoka pakalavati kufika pakona basi, ine ndiziponda, iwe uziwerenga wekha, ine ndikhala chete. Ndawerengera m'basi muja, ituluka 518, kapena kupitirira pang'ono. Ikadzatuluka ina, ukanditengere kwa dokotala wa mutu, sindidzakana. Koma ikadzatuluka imeneyo, udzadziwe kuti bambo ako sanasochere."

Loko anatseguka. Mzime anakankha geti, nawagwira chigongono powolotsa pachitsulo cha pansi, natsekanso. Anayang'ana wotchi, chifukwa theka la tsiku linali litatha ndipo basi ya 1 koloko sidikira munthu. Anathamangira m'nyumba kukawatenthetsera chakudya. A Mita anatsala pabwalo, akudikira kuti mwina ayankha potuluka. Potuluka Mzime anali akulankhula pafoni ndi a kuntchito.

Iwo sanabwerezenso, poti munthu wamkulu sapempha kawiri kwa mwana wake. Mpaka lero Mzime sanati inde, sanati ayi.